Mtengo wa Masau pa Bwalo la Madamu

Mliri unandipeza nditatha zaka ziwiri ndikugwira ntchito m'nyumba ina ku Onaiza, kudziko la Aarabu. Ntchito yanga inali ya m'kati: kukolopa, kuchapa, kusita, kuthandiza kukhitchini. Za panja sizinkandikhudza. Bwalo linali ndi mwini wake, bambo wina wa ku Nepal amene ankatsitsidwa ndi kabasi ka kampani m'mawa uliwonse. Ankathirira, kusesa masamba, kenako n'kulowa geti loyandikana nalo. Tinkangopatsana moni pawindo la kukhitchini, ndipo nthawi zina ndinkamupatsira tiyi m'kapu yapepala.

Tsiku lina sanabwere, mawa lakenso chimodzimodzi. Dalaivala wa pakhomopo ndiye anatiuza kuti dera lonse limene antchito a makampani amagona alitchinga, palibe wolowa kapena wotuluka. Bamboyo ndinamumvera chisoni, koma sindinaganize kuti ntchito yake igwera ine.

Madamu anali munthu wa mu ofesi ku West Bay. Chiyambire ntchito sindinawaonepo atakhala pansi masana. Tsopano ofesi inali itatsekedwa, Bwana atatsekeredwa kuntchito kwawo kunyanja kumene amakumba gasi, ndipo Madamu ankangozungulira m'nyumba foni ili m'manja. Anayamba kuona zolakwika zomwe kale sankaziona. Makatani a pabalaza anati ndi akuda kwambiri, akuwabanikitsa. Tinawatsitsa. Anaitanitsa ena oyera opyapyala, ndipo katoni yake ndinayamba ndaipopera sanitaiza n'kuisiya padzuwa tisanaitsegule. Masofa tinkawakankhira kukhoma ili lero, mawa n'kuwabwezera komwe anali. Ankandionetsa zithunzi pafoni, nyumba za kumayiko ozizira, makoma oyera mbee, mphika umodzi wa maluwa uli pakona.

"Ona, habibti, wokondedwa wanga. Chonchi. Katundu wochepa, mpweya wambiri."

Ine ndinkangoti, "Inde Madamu," msana ukuwawa.

Kenako anakatenga bambo awo kuti adzakhale nafe. Anali munthu wamkulu ndithu, wodwala shuga ndi mtima, ndipo tonse tinkawatcha Baba. Tsiku limene anafika, Madamu anandiitanira kukhitchini. Anati ndikamapita pafupi ndi Baba ndizivala masiki ndi magolovesi, thireyi ndiziisiya patebulo n'kubwerera msanga.

"Baba akadwala matendawa, khalasi, zonse zatha. Wamva?"

Ananena motsitsa mawu, koma anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali. Kuyambira tsiku limenelo ndinkasamba m'manja mpaka khungu linang'ambika pakati pa zala.

Baba anazolowera kupita kumunda kwawo kumpoto, kumene anali ndi mitengo ya zipatso za tende ndi mbuzi. Tsopano ankangokhala pampando pafupi ndi chitseko chagalasi, kuyang'ana bwalo likuuma. Kudya anachepetsa. Madamu ataona zimenezo anasiya za pabalaza n'kutembenukira panja. Anapeza chithunzi china n'kundionetsa: timiyala toyera pansi, kapinga wapulasitiki pakati, benchi yathabwa pamthunzi, timagetsi tolendewera, miphika ikuluikulu ya maluwa itandanda m'mbali mwa mpanda.

"Iwe unakulira kumudzi, ukudziwa kulima. Tichita tokha."

Ndinafuna kunena kuti chinangwa cha kwathu ku Namwera si maluwa a pafoni, koma mawuwo ndinameza.

Vuto linali mtengo umene unali pakati penipeni pa bwalolo. Iwo amautcha sidra, koma ine ndinauzindikira tsiku langa loyamba: masau, omwewo timagula pamsika m'timilu. Unali ndi minga, unkayoyola masamba chaka chonse, ndipo pachithunzi cha Madamu panalibe mtengo wotero. Anati dalaivala abwereke sowo audule. Baba atamva anadzuka pampando paja, zomwe sankachita wamba. Mtengowo anabzala ndi iwo pamene ankapereka nyumbayo kwa mwana wawo. Anakangana m'Chiarabu, ine nditaima potero ndi tsache, ndikungotola mawu apa ndi apo. Mwadzidzidzi Baba anatembenukira kwa ine.

"Mwana wanga, kwanu mtengo uwu ulipo?"

"Ulipo, Baba."

"Mumadula?"

Madamu nawo anali akundiyang'ana. Ndinayankha kuti ine za mitengo sindidziwa, ndine wa m'kati. Yankholo silinakondweretse aliyense. Madamu sanandiyankhule mpaka madzulo, ndipo ine tsiku lonselo ndinkangoganiza za visa yanga, yomwe inali pa dzina lawo. Pamapeto mtengowo unatsala. Benchi anaiika pansi pake, ndipo timiyala toyera tija anatimwaza mozungulira. Tsache silitha kuchotsa masamba m'timiyala. Ndinkatola ndi manja, tsamba limodzilimodzi, nditagwada.

Kulima kwanga kwa kwathu sikunandithandize kanthu. Mbande zoyamba ndinazibzala pansi monga tichitira kumudzi, osadziwa kuti mchenga wa kuno uli ndi mchere. Zinapsa m'mbali mwa masamba, kenako zinagona. Tsiku lina ndinathirira masana, ndipo madzi a mu paipi anatuluka otentha ngati a tiyi chifukwa thanki ili padenga. Timbewu tonunkhira timene Baba ankakonda mu tiyi wawo tinaphikika pomwepo. M'mawa uliwonse ndisanatsegule chitseko, ndinkadzifunsa kuti lero chafa n'chiyani. Madamu sankakalipa. Ankangoimirira pa mphika wofotawo, kuujambula, n'kubwerera m'nyumba, ndipo kukhala chete kwawoko kunkandiopsa kuposa kukalipa.

Ndinapempha dalaivala nambala ya bambo wa ku Nepal uja n'kumuimbira pa video. Anali m'chipinda chodzaza mabedi osanjikizana, zovala zitapachikidwa paliponse, anthu akuyankhula kumbuyo kwake. Ndinamuonetsa bwalo lonse. Anapukusa mutu. Anati ndizithirira dzuwa lisanatuluke, madzi oyamba ndiziwataya kaye mpaka paipi izizire, ndipo chilichonse ndizibzala m'miphika ndi dothi logula, osati pansi. Kumbali ya mpanda yomwe imawomba dzuwa la masana anati tiikeko neti yamthunzi. Tisanadule foni anakhosomola, kenako anafunsa:

"Madamu akuti chiyani za ine? Ntchito ikadalipo?"

"Inshallah ilipo," ndinatero, ngakhale sindinkadziwa.

Ramadani inatipeza tili pa ntchito yomweyo. Mizikiti inali yotseka, azana ankangomveka pa chimkuzamawu akuuza anthu kuti aswalire m'nyumba. Ndikadya daku ndinkatuluka kukathirira, ndipo dzuwa likamakwera ndinali ndikukokera matumba a dothi, kukhosi kuli gwa. Pang'ono ndi pang'ono bwalolo linayamba kuoneka. Dalaivala anamanga neti ndi timagetsi tija. Baba anayamba kutuluka madzulo kukakhala pa benchi kudikira futari. Ankandilozera ndi ndodo yawo kuti mphika uwu uutembenuze, nthambi iyo uidule. Tsiku lina anandiona ndikupuma movutikira m'kati mwa masiki, thukuta lili kamukamu.

"Vula chimenecho, ukomoka. Tili panja pano, mafi mushkila, palibe vuto."

Ndinayang'ana kuwindo la Madamu. Anabwerezanso, ndipo munthu wamkulu akakuuza kawiri sukana. Ndinavula. Masiku otsatira ankandiuza chimodzimodzi, ine n'kumaima patali momwe ndikanathera.

Patatsala pang'ono kuti Idi ifike, Madamu anafuna maluwa a yasimini ndi boganivilia, ndipo anati a pa intaneti amabwera ofota. Ananditumiza ndi dalaivala ku nazale kuti ndikasankhe ndekha. Masiku amenewo aliyense anali ndi app ya boma pafoni, yoonetsa mtundu wobiriwira ngati uli bwino, wofiira ngati wapezeka ndi matenda. Mlonda wa pageti anaona mafoni athu n'kutilola. M'katimo munali anthu ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Mnyamata amene anatithandiza kukweza miphika m'galimoto anali ndi masiki pachibwano. Pobwerera ndinapopera sanitaiza miphika yonse, nsapato, ngakhale chikwama changa.

Patadutsa masiku angapo, ndinadzuka mutu ukulemera. Ndinati ndi kusala kudya ndi dzuwa. Madzulo ake yasimini anali atamasula. Baba anathyola duwa limodzi, ananunkhiza, n'kunditambasulira dzanja.

"Nunkhiza. Mkazi wanga ankaika awa m'tsitsi."

Ndinaliika pamphuno. Panalibe fungo lililonse. Ndinakoka mpweya kachiwiri, zii. Ndinati, "Ndi labwino, Baba," n'kubwerera chambuyo mpaka kukhitchini. Ndinatsegula botolo la mankhwala okolopera n'kuliika pamphuno, kenako khofi, kenako adyo. Zonse zinali ngati madzi.

Ndinali ndi mnzanga wa ku Balaka, wamkulu kwa ine, amene ankagwira ntchito m'nyumba ina kuseri kwa msewu wathu. Ndinadzitsekera m'kachipinda kanga n'kumuimbira.

"Achemwali, sindikumva fungo."

Anafunsa kuti, "Wauza aliyense?"

"Ayi."

"Ganiza bwino. Ena akangonena, akuwachita cancel visa. Imwa mandimu ndi jinja, uone mawa."

"Nanga Baba? Ndakhala nawo pabwalo ndilibe masiki."

"Ayi ndiye sindikudziwa, m'bale wanga," anatero. "Sindikudziwa."

Ndinakhala pabedi kwa kanthawi. Ndinaganiza za amayi, za ana anga awiri omwe ndinawasiyira, za kubwerera kumudzi chimanjamanja. Kenako ndinamva chitseko chagalasi chikutseguka ndi ndodo ya Baba ikugogoda pa matailosi. Ndinavala masiki awiri n'kukaima pansi pa masitepe, kuitana Madamu. Nditawauza, anabwerera m'mbuyo sitepe imodzi. Sanafunse za thupi langa. Anangofunsa kuti, "Unayandikira Baba?" Ndinawauza zoona. Anagwira pakamwa, kenako analoza kuchipinda changa.

Mawa lake anandiyeza. Tsiku linalo app ija inasanduka yofiira psuu, ndipo kunabwera galimoto kudzanditenga. Anakandisiya kumalo ena kunja kwa tauni kumene ankasunga odwala amene sanali mwakayakaya. M'chipinda tinalimo atatu, ine, mayi wa ku Philippines ndi mtsikana wa ku Kenya. Thupi langa silinavute kwambiri, kutentha kwa masiku ochepa ndi chifuwa. Chimene chinkandidya chinali foni. Ndinalembera Madamu kufunsa za Baba. Uthenga unaoneka kuti awerenga, koma yankho silinabwere. Ndinalembanso mawa lake. Phee.

Ndinamva kwa dalaivala, amene nayenso anapezeka nawo matendawo ndipo anali kumalo a amuna. Anati Baba awatengera kuchipatala pa ambulansi, akupumira m'makina. Anati Madamu nawonso awapeza nawo. Foni inandigwa m'manja. Mtsikana wa ku Kenya uja anaitola n'kundikhazika pansi. Anati palibe angadziwe amene anayamba, mwina dalaivala, mwina makatoni, mwina Madamu omwe. Ndinamva zimene ankanena, koma sizinalowe. Chakudya chinkabwera m'timabokosi, ine n'kumangochiyang'ana. Amayi akaimba ndinkapita pakhonde n'kuwauza kuti zonse zili bwino, ntchito yangochuluka. Pa swala iliyonse pempho langa linali limodzi, kuti munthu wamkulu uja asafe, ndipo sindinama, m'pempholo ndinkadzipempherera ndekhanso.

App itabwerera kobiriwira anandibweza ku Onaiza. Ndinaima pageti nthawi yaitali ndisanaimbe belu. Sindinkadziwa ngati ndikapeza chikwama changa chili panja. Anatsegula ndi Madamu okha, ataonda, tsitsi lili m'kansalu kakale.

"Alhamdulillah, wachira. Baba atuluka sabata yamawa. Yala, lowa."

Ndinangotsamira khoma n'kulira. Iwo anaima potero pang'ono, kenako analowa m'nyumba.

Bwalo linali lomvetsa chisoni. Yasimini yense anauma, kungotsala timitengo. Neti inang'ambika ndi mphepo ya fumbi. Timiyala toyera tinali titakwiririka ndi masamba, ndipo kapinga wapulasitiki ankatentha moti sungapondepo ngakhale utavala patapata. Boganivilia yekha ndi amene anapirira. Madamu anati anayesa kuthirira masiku oyamba asanagone ndi matenda, kenako analephera kudzuka.

Sanandinenepo ndi tsiku limodzi lomwe kuti ndine ndinabweretsa matendawo. Koma mbale yanga ndi kapu yanga anaziika pa shelefu yapayokha, ndipo zinakhala pamenepo ngakhale tonse titachira. Zithunzi za pafoni anasiya kundionetsa. Baba anabwera akuyenda ndi chitsulo chogwirira, mawu atachepa. Atandiona anangokweza dzanja n'kunena kuti, "Uli moyo, mwana wanga." Bambo wa ku Nepal uja sanabwerenso. Tinamva kuti kampani yawo inachepetsa anthu n'kumukweza ndege. Choncho ntchito ya m'kati ndi ya panja zonse zinakhala zanga, chilimwe chonse, m'nyumba yomwe munthu sunkadziwa ngati akukhululukira kapena akungodikira mpata.

Kutentha kutayamba kuchepa, mnzanga wa ku Balaka anandiimbira ali wosangalala. Anati lamulo lasintha, munthu ukhoza kusintha ntchito popanda kalata ya bwana yokuloleza, umangopereka notisi. Iye anali atapeza kale malo ku hotela ina ku West Bay, ya housekeeping, ndipo anati akufunabe anthu. Maola odziwika, off sabata iliyonse. Ndinamufunsa ngati lamulolo likukhudzanso ife a m'nyumba. Anati inde. Koma pa gulu lathu la pafoni la Amalawi nkhani zinali zosiyanasiyana. Wina anati bwana wake atamva za notisi anakamutsegulira kesi yoti wathawa. Wina anati zake zinayenda bwinobwino. Sunkadziwa kuti iwe ugwera mbali iti.

Ndinachita interview pafoni nditabisala kuchipinda chochapira, ndipo ananditenga. Kuuza Madamu ndiye kunandivuta. Ndinkakonza mawu ndikutsuka mbale, koma ndikangomva mapazi awo pa masitepe, mawuwo ankabalalika. Mpata unapezeka m'mawa wina tikubzala maluwa atsopano a nyengo yozizira. Madamu anali atayambanso kutuluka panja, atavala magolovesi, akuthira dothi m'miphika okha. Ulendo uno sanayang'ane pafoni. Anafunsa Baba zoti abzale, ndipo Baba anasankha mandimu, timbewu tawo tija ndi tomato.

"Madamu, ndili ndi mawu."

"Nena."

"Ndapeza ntchito ku hotela. Ndikupempha kupereka notisi."

Sanadzutse mutu. Anapitiriza kutsendera dothi ndi zala.

"Ndinakulakwira chiyani?"

"Palibe, Madamu."

"Ndinakuthamangitsa utadwala? Ena akanatero."

"Simunatero. Ndikuthokoza."

"Ndiye bwanji?"

Ndinangoti ana anga akukula, ndikufuna ntchito yoti ndizikhala ndi nthawi yoyankhula nawo. Anavula magolovesi, kuwaponya pa benchi n'kulowa m'nyumba. Baba anali pomwepo ndipo anamva zonse, koma anangoyang'ana pansi.

Mwezi wa notisi unali wautali kuposa miyezi yonse ya mliri. Pempho langa linali litalowa ku boma, ndipo ndinkadikira uthenga wa pafoni wovomereza. Tsiku lina kunabwera mkulu wawo wa Madamu. Ndikupereka tiyi ndinamva akunena mawu a Chiarabu amene ndinkawadziwa bwino, otanthauza kuthawa, uku akundiyang'ana chammbali. Madamu anayankha mawu ochepa omwe sindinawamve. Masiku otsatira galimoto iliyonse ikaima pageti ndinkasuzumira pawindo kuona ngati ndi apolisi. Pasipoti yanga inali mu kabati ya Madamu, ndipo ndinkaopa kuifunsa.

Uthenga unafika ndikusita malaya. Ndinauwerenga, n'kuutumiza kwa mnzanga kuti andiwerengerenso. Anayankha kuti, "Zatheka." Madzulo ake ndinapeza pasipoti ili pa tebulo la kukhitchini, pafupi ndi ketulo, popanda mawu aliwonse. Sindidziwa mpaka lero kuti Madamu anamuyankha chiyani mkulu wawo tsiku lija, kapena ngati Baba anayankhulapo.

Tsiku lochoka Madamu sanatsike. Anandilembera uthenga kuti dalaivala andiperekeze, ndipo Mulungu andisunge. Baba ndinawatsanzika ndili patali, dzanja pachifuwa. Anandifunsa kuti hotelayo ili kuti, nditawauza anati kale kumeneko kunali mchenga wokhawokha.

Ku hotela anandipatsa yunifomu ndi bedi m'chipinda cha anthu anayi. Ntchito inali yothamanga, supavaiza akuyenda ndi wotchi, koma ikatha inali yatha. Kwa miyezi ingapo nambala yachilendo ikaimba mtima unkadumphabe. Off yanga yoyamba mnzanga uja ananditenga pa metro mpaka ku Msheireb. Tinakhala pa mpando wa panja, masiki ali kumaso, anthu akudutsa. Ine ndinkangoyang'ana foni.

"Ukudikira ndani?" anafunsa.

"Palibe."

"Ndiye ika m'chikwama. Lero palibe akuitane."

Ndinaiika. Anapita kukagula tiyi wamkaka, ine n'kutsala ndikusunga malo.